Gautrain akuti ifika ku Cosmo, koma tiyambe taona zomwe inachita pansi pa nthaka

Mu February 2025 munthu wina ku Killarney, kuno ku Johannesburg, anaitana okumba mjigo kuti amukumbire pa yadi pake popanda chilolezo cha khonsolo, ndiye makina aja kuboola, kuboola, mpaka anakatulukira mu tunnel ya sitima ya Gautrain yomwe imadutsa pansi pa nyumba zimenezo pakati pa Park Station ndi Rosebank. Madzi ndi dothi zinayamba kutsikira pa njanji, sitima zinaimitsidwa pa chigawo chimenecho kwa masabata angapo, anthu nkumakwezedwa mabasi. Pa magulupu athu a WhatsApp zinali nthabwala zokhazokha, ena amvekere mkuluyo amafuna siteshoni yakeyake kuseri kwa nyumba. Ine ndinaseka nawo inde, koma poti ntchito yanga ndi ya m'magadeni, mijigo ndi mapampu ndimakhalira zomwezo, chinandikhudza nchakuti anthu ambiri sadziwa nkomwe kuti pansi pa mitengo ya jacaranda ija pali dzenje lalitali lomwe linasintha kayendedwe ka madzi a pansi pa nthaka, ndipo silidzatsekekanso.

Ndalemba izi chifukwa nkhani yoti Gautrain iwonjezedwe yakula, akuti pafupifupi makilomita 150 ena, ndipo gawo loyamba ndi lochoka ku Marlboro kudzera Sandton, Randburg, Cosmo City mpaka Little Falls, kenako mtsogolo Roodepoort ndi Soweto. Randburg ndi Cosmo ndiye kwathu kumene amwene, Amalawi tadzadza kumeneko. Ndiye ukamva anthu akukamba, aliyense amangoti sitima ndi yabwino ku chilengedwe, ilibe utsi, basi nkhani yatha. Ine sindikutsutsa kuti sitima yodzadza anthu imaposa magalimoto. Koma njanji imayamba ndi ngongole, ngongole ya simenti, ya madzi, ya tchire lomwe lalambulidwa, ndipo ngongoleyo imalipidwa ndi anthu okwera, tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Okwera akachepa ngongole imangokhala.

Kwa omwe muli kumudzi simunaionepo, Gautrain ndi njanji ya makilomita 80 yokhala ndi masiteshoni 10, Park, Rosebank, Sandton, Marlboro, Midrand, Centurion, Pretoria, Hatfield, ndiye nthambi ina yopita ku Rhodesfield ndi ku bwalo la ndege la OR Tambo. Inalengezedwa nthawi ya Mbhazima Shilowa ali nduna yaikulu ya chigawo cha Gauteng, mpaka ena ankaitchula monyogodola kuti Shilowa Express. Kumanga kunayamba mu September 2006, omanga ake a Bombela, gulu lomwe munali Bombardier, Bouygues ya ku France ndi Murray & Roberts. Chigawo cha Sandton mpaka ku airport chinatsegulidwa pa 8 June 2010, kutangotsala masiku atatu kuti World Cup iyambe, cha ku Pretoria chinatsatira mu August 2011. Imathamanga mpaka makilomita 160 pa ola, ndipo njanji yake ndi yotakata, mamilimita 1,435, pomwe ya Metrorail, sitima ya anthu wamba, ndi 1,067 chimodzimodzi ya kwathu ija ya ku Limbe ndi Nkaya, kutanthauza kuti sitima za mbali ziwirizi sizingabwerekane njanji. Sungani kaye mfundo imeneyi.

Tsopano taonani masikuwa. Airport 2010, Pretoria 2011, koma kachigawo kochepa ka Rosebank mpaka Park kanadzatsegulidwa pa 7 June 2012. Chinachedwetsa nchiyani? Madzi. Kuchokera ku Park mpaka potulukira ku Marlboro sitimayi imayenda pansi pa nthaka makilomita 15, pena anakumba ndi chimakina chachikulu chija anachipatsa dzina loti Imbokodo, chomwe chinaboola makilomita atatu kuchokera ku Rosebank, kwina konseko kunali kuboola mwala nkuphulitsa ndi mabomba. Atamaliza anapeza kuti madzi olowa mu tunnel ya ku Park akuposa mlingo womwe anagwirizana mu kontrakiti, boma la Gauteng ndi a Bombela anakokanakokana, nkhani inakafika kwa oweruza apadera ndipo mu 2013 anagamula mokomera boma.

Anthu ankaiona ngati nkhani ya ndalama, walipira ndani, wachedwetsa ndani. Kwa ine ndi nkhani ya madzi. Mwala wa pansi pa Joni uli ndi ming'alu, ndipo m'ming'alumo ndi momwe madzi a mvula amakhala nkumayenda pang'onopang'ono kukatulukira m'timitsinje ngati Braamfontein Spruit ndi Sandspruit nthawi ya chilimwe, mitengo ikuluikulu imamwa momwemo, mijigo ya m'masabebu imapopa momwemo. Ukaboola dzenje lalitali pansi pa zonsezi, madzi amathamangira m'dzenjemo chifukwa ndi mophweka, ndiye uyenera kumawapopa usiku ndi usana kuti njanji isamire, mapampu amenewo akudya magetsi chaka chonse, ndipo madzi omwe akanatenga miyezi kuti afike kumtsinje akutulutsidwa lero lomwe ndi paipi. Palibe amene amaona zimenezi ali pa mpando wofewa uja. Ndipo mzindawu ndi womwe mipope imauma masiku angapo, bungwe la madzi la Rand Water likuchita kukoka madzi kuchokera ku Vaal ndi ku mapiri a Lesotho, nchifukwa chake aliyense wa ndalama akukumba mjigo, mpaka ena nkumaboola tunnel.

Chinanso, mwala ndi dothi lochoka mu makilomita 15 amenewo silisowa, limayenera kutuluka penapake nkupita penapake. Ku Sandton kuli kapaki kotchedwa Mushroom Farm Park, masiku ano anthu amathamangako m'mawa, ena kukajambulitsa zithunzi, koma nthawi yomanga inali saiti, anakumbapo chidzenje cholowera pansi, malole nkumatuluka ndi miyala. Anaikonzanso pambuyo pake, ndipo ndinene chilungamo, anaikonza bwino. Koma ife a m'magadeni timadziwa kuti udzu wa kapinga umamera m'miyezi iwiri pomwe dothi lomwe lapondedwa ndi malole kwa zaka limauma gwa, mvula ikagwa madzi amangoyenderera pamwamba, umachita kulitipula nkuthira kompositi wambiri kuti mtengo ugwire, ndipo mtengo wa zaka 60 sungaubweze ndi kambande ka m'chubu ngakhale lipoti linene kuti tadula umodzi tabzala atatu. Siteshoni ya Sandton yokha mapulatifomu ake ali mamita oposa 40 pansi, ukamatsika ma escalator aja umangoona konkire mbali zonse, ndipo simenti padziko lonse imatulutsa pafupifupi 8 pa 100 iliyonse ya mpweya wa carbon dioxide womwe anthu timatulutsa. Utsi wa Gautrain wambiri unatuluka kale sitima yoyamba isanayende, ku mafakitale a simenti ndi zitsulo.

Koma komwe kunali ntchito yoopsa ndi ku Centurion. Kumeneko nthaka yakhala pa mwala wa dolomite, mwala womwe madzi amausungunula pang'onopang'ono kwa zaka zikwizikwi, ndiye pansi pamakhala ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe, kunja bwinobwino mkati mphako zokhazokha. Paipi ikangodontha malo amodzi kwa nthawi yaitali dothi la pamwamba limakokolokera m'mphakomo, tsiku lina msewu umangotitimira. Omwe mumakhala cha ku Lyttelton ndi Valhalla mukudziwa misewu ingati yatsekedwa ndi maenje amenewa. Ndipo si zocheza, mu December 1962 ku mgodi wa West Driefontein kufupi ndi Carletonville dzenje lotere linameza chinyumba chophwanyira miyala, anthu 29 anafera pomwepo, gwero lake linali kupopa madzi a pansi kuti mgodi uume. Ndiye tangoganizani kuika sitima ya liwiro la 160 pa nthaka yotere.

Nchifukwa chake mukafika ku Centurion sitima imakwera m'mwamba, pa chimlatho cha makilomita oposa atatu, kudumpha msewu waukulu wa N1 pa John Vorster, siteshoni yakenso ili m'mwamba momwemo. Kuti zipilala zija ziime anaboola maenje ambirimbiri ofufuzira, pena kukumba mpaka kukapeza mwala wolimba, pena kupopera simenti ya madzimadzi pansi kuti itseke mphako nkulimbitsa dothi. Mainjiniya ndimawavulira chipewa, zaka zonsezi mlatho uli chiimire. Koma simenti yopopera pansi ija ili m'malo momwe madzi ankadutsa, ndipo dolomite yemweyo ndi nkhokwe ya madzi abwino, akasupe a ku Fountains Valley omwe Pretoria yakhala ikumwa kuyambira pomwe mzindawo unayamba amachokera m'mwala womwewu. Kumanga pa dolomite kumafunanso kuti ngalande ndi mapaipi onse a m'mbali mwa njanji azilonderedwa moyo wonse, osati zaka zisanu zoyamba zokha, madzi asaime paliponse. Funso langa limakhala loti kontrakiti ikatha, kampani ina nkulowa, amene adzakhale akuyendera ngalande zimenezo chaka cha 40 ndani.

Musaganize kuti anangomanga mwachisawawa ayi. Kafukufuku woona momwe ntchitoyi ikhudzire chilengedwe, EIA ija, anachitika mu 2002, misonkhano ya anthu inachitika yambiri, chilolezo chinatuluka mu 2003, ndipo malo ena njira inasinthidwa chifukwa cha madandaulo a anthu. Ku Pretoria anthu a ku Muckleneuk ndi Lukasrand kudzera m'bungwe lawo la eni nyumba anakafika mpaka ku khoti kukana kuti sitima idutse pamtunda m'dera lawo, nkhani ya phokoso ndi maonekedwe a dera lakalelo, khoti linawakanira mu 2006. Analuza inde koma anamveka, anali ndi maloya, anali ndi nthawi yowerenga malipoti a masamba mazanamazana.

Tsopano kwerani sitima ku Sandton yopita ku Marlboro, mukhale ku windo. Mumakhala mu mdima kwa mphindi zingapo, kenako kuwala phaa, ndipo chomwe chimakulandirani ndi Alexandra, mtsinje wa Jukskei ndi zisakasa za ku Stjwetla zomwe zamangidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, malata opsinjidwa ndi miyala ndi matayala, mapulasitiki atakoledwa m'mabango kusonyeza pomwe madzi anafika ulendo watha, ana akusewera pa mulu wa zigumukire za njerwa zomwe malole amadzataya usiku. Mu November 2016 Jukskei inasefukira nkukokolola zisakasa kumeneko. Sindikunena kuti Gautrain ndi yomwe inaononga Jukskei, mtsinje umenewu unadwala kale ndi suweji ndi zinyalala za m'tauni. Koma madzi onse ogwa pa denga, pa phula, pa malo oimika magalimoto kumtunda amathera kumeneko, mwachangu kuposa kale, ndipo anthu okhala kumunsiwo si omwe amaitanidwa ku holo kukafunsidwa maganizo, ngakhale aitanidwe ali ku ntchito kapena alibe mapepala ndiye amaopa kulemba dzina pa rejisitala. Ambiri a ife tikudziwa mantha amenewo. Chilengedwe cha mu EIA chimakhala cha amene wabwera ku msonkhano.

Za masiteshoni ndiye pali mbali ziwiri ndipo ine ndimasinthasintha maganizo. Ku Rosebank ndi Sandton siteshoni inakoka nyumba zitalizitali, maofesi ndi maflati pafupi, makampani a Sasol ndi Discovery anamanga malikulu awo ku Sandton, nyumba ya The Leonardo ya mamita 234 inatha mu 2019, ndipo anthu ambiri akamakhala ndi kugwira ntchito malo amodzi poyenda wapansi kuchokera pa siteshoni, zimenezo nzabwino, tauni ikukula chokwera osati chotambalala. Koma pitani ku Midrand kapena Centurion muone chomwe chazungulira siteshoni. Magalimoto. Malo oimikapo magalimoto akuluakulu, ena osanjikizana, chifukwa dongosolo lake linali loti munthu achoke kunyumba pa galimoto, aisiye pa siteshoni, akwere sitima. Kuli mabasi awo ndithu koma ambiri amabwera pa galimoto. Ndiye injini yalizidwabe m'mawa, ulendo wangofupika.

Ndipo dera la pakati pa Joni ndi Pretoria limene lija anthu amaliona ngati tchire lopanda ntchito, udzu basi. Si udzu wamba. Akatswiri amautcha Egoli Granite Grassland, umapezeka kuno kokha ndipo watsala pang'ono kutha, muli timaluwa ta anyezi tomwe timatuluka moto ukangodutsa, muli madambo osunga madzi, cha ku Glen Austin kuli chithaphwi chomwe achule akuluakulu aja amaswanirana mvula ikagwa. Ndakhala ndikugwira ntchito m'ma estate a mbali imeneyo, timafika pamalo bulldozer itapala kale zonse, ife nkudzayala kapinga wa kikuyu ndi mitengo yogula ku nazale, eni ake nkumati taonani kubiriwira. Njanji yokha inadya kamzere kochepa, ndi depoti yawo ya ku Midrand, koma njanji yokhala ndi mpanda mbali zonse imadula tchire pakati, kanyama ka mbali ino sikawolokanso, ndipo chachikulu nchakuti malo onse oyandikira amakwera mtengo, omanga nyumba nkukhamukirako. Waterfall City ndi Mall of Africa yomwe inatsegulidwa mu 2016 sizinabwere chifukwa cha sitima yokha, N1 ndiye inakoka kwambiri, koma otsatsa nyumba kumeneko saiwala kulemba kuti mphindi zochepa kupita ku Gautrain.

Za magetsi ndingodutsa mwachangu poti mukuzidziwa. Sitimayi ilibe utsi pa Sandton chifukwa utsi wake ukutulukira ku Mpumalanga, magetsi oposa 80 pa 100 iliyonse a dziko lino amachokera ku malasha, ku masiteshoni a magetsi ngati Kendal, Matla, Kriel, Kusile, ndipo mu March 2022 khoti lalikulu ku Pretoria linagamula pa mlandu womwe anasuma a bungwe la zachilengedwe la groundWork ndi anzawo a Vukani kuti mpweya wa dera la Highveld ukuphwanya ufulu wa anthu wokhala m'malo osawadwalitsa. Ngakhale zili choncho sitima yodzadza imawinabe poyerekeza ndi aliyense pa galimoto yake. Yodzadza.

Apa ndiye pagona nkhani. Ndalama zomangira zinafika cha m'ma R25 biliyoni, ndipo cholinga chinali kuchotsa magalimoto pa N1, Ben Schoeman ija yomwe m'mawa imangoima. Koma zaka zomwezo boma linakuzanso misewu ikuluikulu ya Gauteng, kuwonjezera malaini, nkuika ma e-toll mu December 2013 kuti oyendetsa magalimoto azilipira, anthu anakana kulipira, mpaka anazimitsidwa mu April 2024. Ndiye msewu waukulu, waulere, pambali pake sitima yodula. Mukuganiza munthu asankha chiyani? Covid itabwera anthu a m'maofesi anayamba kugwirira ntchito kunyumba, okwera anatsika kwambiri, ndipo mgwirizano wake unali woti okwera akachepa boma la Gauteng liziwonjezera ndalama kwa oyendetsa. Mapampu a mu tunnel sapuma kaya sitima yadzadza kaya muli anthu khumi.

Pomwe ife ambiri, ogwira m'magadeni, m'makhitchini, alonda, azimayi a m'nyumba za mabwana, timakwera teksi, Quantum yodzadza anthu 15, yomwe kunena zoona pa munthu mmodzi imaononga zochepa poyerekeza ndi bwana ali yekha mu chi SUV, koma palibe amene amaitcha yosamala chilengedwe. Ndipo sitima ya anthu wamba, Metrorail, yomwe njanji zake zinalipo kale, tchire linadulidwa kale zaka 100 zapitazo, simenti inathiridwa kale, inasiyidwa mpaka nthawi ya lockdown mu 2020 mbava zinazula mawaya a magetsi ndi kugumula masiteshoni ngati Kliptown kutsala makoma okha. Bungwe la boma la PRASA lomwe limayendetsa Metrorail layamba kubwezeretsa mizere ina ndi sitima za buluu zija zopangidwa ndi Gibela kufupi ndi Nigel, ndipo kwa ine, ngati tikukamba za chilengedwe zenizeni, randi iliyonse yoikidwa pokonza njanji yakale imagula zambiri kuposa yokumbira tunnel yatsopano, chifukwa sudula mtengo, suboola mwala, ndipo okwera alipo kale akudikira. Mukukumbukira za kutakata kwa njanji kuja? Sitima za buluu sizingayende pa njanji ya Gautrain ngakhale atafuna, ndi maiko awiri osiyana m'chigawo chimodzi.

Sindikuti isabwere ku Cosmo ayi, Malibongwe Drive m'mawa ndi chilango, ndipo bungwe la AA (Automobile Association) lomwe lakhala likukana zowonjezerazi lili ndi zifukwa zakezake za oyendetsa magalimoto zomwe si zanga. Koma mbali ya kumadzuloyi ili ndi mavuto ake osiyana ndi a ku Centurion. Cosmo City inamangidwa mozungulira madambo ndi timitsinje tomwe anatisiya dala ngati malo otetezedwa, tomwe pano tikulimbana kale ndi suweji yosefukira, ndiye siteshoni ndi malo ake oimika magalimoto adzaziika pati, madzi a mvula adzalowera kuti. Cha ku Little Falls kuli zitunda zomwe zimalumikizana ndi Walter Sisulu Botanical Garden komwe ziombankhanga zakuda zija zimaswera pa thanthwe la mathithi. Ndipo ikadzapitirira ku Roodepoort kulowera Soweto idzadutsa dera la migodi yakale ya golide, Durban Deep ndi inzake, komwe pansi ndi mphanga zosiyidwa zodzadza madzi a asidi, pamwamba milu ya dothi loyera lija lomwe mphepo ya August imaliulutsira m'nyumba za anthu, muli zitsulo zoopsa mpaka uranium. Kukumba pamenepo ndi kutakasa zonsezo, ndipo fumbi lake silipita ku Sandton.

Msonkhano wa EIA ukadzaitanidwa ku holo ya ku Cosmo ine ndidzapita, ndipo achimwene ndi achemwali omwe mapepala anu ali bwino tiyeni tikadzadze, tikafunse kuti madzi opopedwa mu tunnel adzathiridwa mumtsinje uti ndipo adzawayeza ndani, dothi lokumbidwa lidzatayidwa kuti, malole adzadutsa msewu uti nthawi yomwe ana akupita ku sukulu, komanso tikiti yochoka Cosmo kupita Sandton idzakhala ndalama zingati poyerekeza ndi teksi.